Thumba la Ulusi Wofiira

Foni yatsopanoyo inakana kulowa m'thumba. Mzime anaiyesa choimika, anaiyesa chopendeketsa, kenaka anaikankha ndi chala chachikulu mpaka ulusi wa pakona unayamba kulira. Apo m'pamene anasiya.

"Ung'amba jekete," anatero mlongo wake wamkulu, maso ali pa singano ya makina osokera. "Chimenecho si foni, ndi thireyi. Alendo akabwera uziwaperekerapo tiyi."

"Nsanje imeneyo, achemwali."

"Nsanje ya chiyani? Chitseko cha kabati ndili nacho kale ine."

Thumbalo linali la m'kati mwa jekete, kumanzere, cha pamtima. Analisoka ndi amayi awo sabata imene Mzime ankapita ku koleji. Anaika kafoni kake kakale pansalu, n'kuzunguliza choko, n'kudula ndendende, kuti akakwera basi akuba asamupise. Ulusi wakuda unali utatha tsiku limenelo, ndiye anasokera wofiira.

Mzime silinali dzina lake la pa satifiketi. Anali womaliza kubadwa, amayi ake ankamuitana choncho, mpaka msewu wonse unaiwala dzina lenileni. Koma masiku ano anyamata a pa shopu yometera anali atamupatsa lina. Akamadutsa ankakuwa kuti, "A Digiri! Mwaweruka kale?" Ku kolejiko anakhalako chaka ndi theka akuphunzira zamagetsi. Amayi atagonekedwa m'chipatala anabwera kudzawadwazika, mayeso anamudutsa ali pa benchi ya m'khonde la chipatalacho, ndipo maliro atatha sanabwererenso. Inali itakwana miyezi isanu. Wina akamufunsa za sukulu ankati, "Mwezi wamawa," n'kusintha nkhani.

Foniyo anamutumizira amalume ake amene ankagwira ntchito kutali, pamodzi ndi uthenga waufupi: "Uzifunsira ntchito, kapena ulembe kalata ku koleji. Usamangogona."

"Ndimasulireni thumbali, mulikulitse," anatero Mzime, akutambasula jeketelo patebulo.

Mlongo wake anaimitsa phazi. Kuyambira pamene amayi anamwalira, iye ndiye ankakhala pa makinawo. Anayang'ana ulusi wofiira uja, mizere iwiri yowongoka ngati yolemba ndi rula, n'kukankhira jeketelo pambali.

"Ndili ndi mayunifolomu a anthu. Mawa."

Mzime sanakakamize. Mawa wamtundu umenewo ankamudziwa bwino.

Masiku awiri oyambawo anangokhala ngati munthu wopeza chibwenzi. Foniyo inali yaitali kuposa chikhatho chake, yoterera ngati sopo wonyowa. Akaigwira ndi dzanja limodzi, chala chachikulu sichinkafika pakona ya kumtunda, ndipo akati atambasule, foni inkapendekeka kufuna kugwa. Inkafuna manja awiri ngati khanda. M'thumba la thalauzi inkasuzumira kunja, akati akhale pansi inkamubaya m'chiuno. Atagona chagada masana n'kumaonera mavidiyo, inamupulumuka n'kumumenya pamphuno, misozi mbwee. Galasi lake linkawala moti zithunzi za ku koleji zinkaoneka zokongola kuposa mmene masikuwo analili. Koma likazima linkasanduka kalilole wakuda, ndipo Mzime ankakumana ndi munthu wosameta, wa maso ofiira. Ankaliyatsanso msanga.

Chimene chinamutopetsa chinali mafunso. Foniyo inkafunsa ngati wapolisi. Kodi mukuvomereza malamulo awa? Kodi tidziwe kumene muli? Kodi tione zithunzi zanu? Funso loyamba analiwerenga lonse, lachiwiri theka. Pofika lakhumi anali atazindikira kuti batani lovomera limakhala pansi chakumanja, pomwe chala chachikulu chimafika popanda kudzivutitsa, ndipo ukangolidina foni imakusiya mumtendere. Chala chinaphunzira msanga kuposa mutu.

Bambo ake anali wopenta nyumba. Zala zawo zinali zokhakhala, penti yoyera itakhazikika m'ming'alu. Mzime atawapatsa foniyo kuti aione, anakhudza pagalasi kawiri, katatu, koma palibe chinasuntha.

"Yandikana," anatero akuibweza ndi manja awiri. "Ikudziwa kuti ine si mnzake."

Iwo anali ndi kawo: kafoni ka mabatani ka malemu mkazi wawo, komangidwa ndi mphira chifukwa chotsekera batire chinathyoka kalekale. M'kafonimo munali kakhadi ka memole, kochepa ngati chikhadabo, ndipo m'kakhadimo munali amayi.

Amayi sankakonda cholembera. Ankati munthu ali ndi tepi m'dzanja limodzi, mapini m'dzanja linalo, cholembera agwira ndi chiyani? Ndiye poyesa kasitomala ankadina batani lojambulira mawu, n'kuika kafoniko pa makina, n'kumanena miyeso mokweza. Koma pakamwa pawo panalibe buleki. Pakati pa manambala pankalowa nthabwala, miseche yopepuka, kanyimbo, nthawi zina mfuu yakuti, "Mzime, madzi akuwira ukooo!" Anasiya zojambula pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Mlongo uja ankazigwiritsa ntchito makasitomala akale akabwera. Ankanena kuti adzazikopera m'kope, koma akamvera ziwiri zokha ankatseka kafoniko n'kupita kuseri kwa nyumba.

M'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, bambo ankakhala pa sitepe ya pakhomo ndi kapu ya tiyi, n'kuika kafoniko kukhutu. Ankamvera zojambula zitatu basi, ngati mankhwala. Zikatha zonse ankayambiranso pa yoyamba. Mzime akangoona akumasula kansalu kokulungira kafoniko, ankapeza chochita kumpopi. Iye anali asanamvereko ngakhale imodzi.

Loweruka m'mawa sanathawe. Anaima pakhomo, foni yake yaikulu ili m'manja, akuona bambo ake atapendeketsa mutu, diso limodzi lotsinzina, kukanikiza kafoniko kukhutu chifukwa kasipika kake kankasokosera ngati mafuta m'chiwaya.

"Ababa, kasipika kameneko kanatha. Mukumva theka. Ndipatseni kakhadiko ndikaike mu yangayi, muwamve ngati akhala pompano."

Bambo anaphimba kafoniko ndi dzanja lonse.

"Ndikumva bwino."

"Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Zimenezi ndi zomwe ndinkaphunzira."

"Unkaphunzira," anatero bambo. Sananene mwaukali, koma Mzime anamva ngati waponda pini. "Kasiye mmene anakasiyira mayi ako." Anamwa tiyi pang'ono. "Muli ina yako muno, ya tsiku la jekete. Sunaimvebe."

"Ndidzaimva."

"Liti?"

"Mwezi wamawa," anayankha mlongo wake ali m'nyumba. Palibe anaseka.

Lolemba bambo anapita kukapenta nyumba ina kutsidya kwa msewu waukulu. Kafoniko sankapita nako ku ntchito poopa penti. Anakakulunga m'kansalu kake n'kukaika mu dilowa ya makina, pamodzi ndi mabobini a ulusi. Mlongo uja anatuluka kukagula mazipi. M'nyumba munangotsala Mzime ndi mawu amodzi aja akumuzungulira m'mutu: unkaphunzira.

Anaziona zonse mmene zidzakhalire. Mawa m'mawa bambo akadzakhala pa sitepe, iye adzaimika foni yaikuluyo pawindo, adzadina, ndipo mawu a amayi adzadzaza khonde lonse, omveka bwino, opanda phokoso. Bambo adzatembenuka. Mwina sadzanena kanthu, koma adzadziwa kuti chaka ndi theka sichinapite m'madzi.

Anatsegula dilowa. Anamasula mphira, anachotsa batire, anasolola kakhadiko ndi nsonga ya pini. Kanalowa mu foni yatsopano mosavuta, ngati kwawo.

Galasi linawala. Panabwera funso lalitali, mizere isanu ndi umodzi. Chala chinatsikira pansi chakumanja. Panabwera lina lalifupi, lokhala ndi kachizindikiro kachikasu pamwamba. Chala chinatsikanso. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda kuchokera kumanzere, kudutsa galasi lonse lalikululo, ndipo Mzime anamwetulira poona liwiro lake. Kenaka foni inamuuza kuti khadi yake yakonzeka.

Anatsegula. Munalibe kanthu.

Anaganiza kuti mwina ikuwerengabe. Anadikira. Anatuluka n'kulowanso. Galasi linali loyera mbee, pakati pali timawu tiwiri tonena kuti mulibe chilichonse. Pa kafoni kakang'ono mawu otere akanabisala pakona. Apa kuyerako kunadzaza manja ake onse awiri.

Anazimitsa foni n'kuiyatsanso. Anabwezera kakhadiko m'kafoni ka amayi, kafoniko kanati sikakukadziwa. Anakaikanso mu yaikulu. Anafufuza mapulogalamu obwezeretsa zofufutika, anaika yoyamba, yachiwiri, yachitatu, iliyonse ikumufunsa mafunso ake, iye akungovomera. Pofuna kuona ngati khadi ikugwirabe ntchito, anajambula vidiyo ya phazi lake. Inasungika bwinobwino. Anajambula ina. Dzuwa litafika pamutu malaya anali atamamatira kumsana, ndipo foni inali yotentha ngati simbi.

Anathamangira kwa a Mawaya. Anali mayi wokonza mafoni, amene kashopu kawo kanali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa wogulitsa nsapato ndi wodinda makiyi. Pakhoma panali polendewera machaja, patebulo pali mafoni otsegulidwa mimba. Epuloni ya matumba ambiri imene anavala inasokedwa ndi amayi ake a Mzime.

"Ndi khadi ya mayi ako ija?" anafunsa a Mawaya atamva nkhaniyo. "Muli chiuno changa mmenemo." Anakweza magalasi pachipumi. "Foni inakufunsa?"

"Inandifunsa."

"Kangati?"

"Kawiri."

"Inati chiyani?"

Mzime anayang'ana pansi.

"Ndikuuze ine zimene inanena, poti iwe unali wotanganidwa. Inati: kodi khadi imeneyi ikhale mbali ya foni ino? Unati eya. Inati: ndiye ndifufuta zonse zili mmenemu, mukutsimikiza? Unati eya. Inasesa m'nyumba monse, n'kusintha loko. Utatero waikamo china?"

"Mapulogalamu atatu. Ndi mavidiyo."

A Mawaya anatulutsa mpweya pamphuno. "Ndiye wasesa, wasintha loko, walowetsamonso anthu atsopano a lendi. Khala apo."

Anaika kakhadiko pa kompyuta yawo. Mzime anakhala pa kreti ya mabotolo, foni yaikulu ili pamaondo, poti analibe poiika. Anthu ankabwera ndi kupita. Wina galasi losweka, wina foni yagwera m'madzi. Wodinda makiyi anayatsa makina ake kanayi. Patatha ola, a Mawaya anabwezera kakhadiko mu foni yaikulu ija, anadinadina, n'kumutembenuzira galasi.

"Pa kompyuta sikutseguka. Muno ndapezamo phazi lako. Kawiri."

"Yesaninso, mayi. Chonde. Tengani foni yonseyi, mungondibwezera mawuwo."

"Mwana wanga," anatero a Mawaya, ndipo nthabwala inali itawathera, "ndikanakhala kuti ndingathe, bwenzi ndakuchitira usanapemphe. Mayi ako ankandiseka kuti matumba ndimafuna ambiri ngati ndine wakuba. Inenso ndikanakonda kuwamvanso." Anakulunga kakhadiko m'kapepala n'kumuika m'dzanja. "Pita ukanene wekha. Asakazipeze okha."

Mzime sananene. Anafika kunyumba mlongo wake ali kuseri akuchapa, anabwezera kakhadiko, anamanga mphira, anakulunga kansalu monga kanalili, n'kutseka dilowa pang'onopang'ono. Pa chakudya chamadzulo anati mutu ukumupweteka. Bambo anamuuza kuti ndi kuwala kwa chithireyi chakecho.

M'mawa mwake anamva dilowa ikutseguka. Anadzuka n'kuima kuseri kwa chitseko. Bambo anakhala pa sitepe, anaika kapu pambali, anamasula kansalu, anadina, n'kuika kukhutu. Anapendeketsa mutu. Anadikira. Anachotsa kukhutu, anayang'ana, anadinanso. Kenaka anamasula mphira, anachotsa batire, anaipukuta pa ovolosi, anauzira m'kafonimo ngati akuchotsa fumbi m'diso la mwana, n'kubwezera zonse. Anatero katatu. Tiyi anasiya kufuka.

"Mzime."

"Ababa."

"Iwe wa zamagetsi, tabwera udzaone. Kakuvuta lero."

Anali atatambasula dzanja, kafoniko kali pachikhatho. Aka kanali koyamba kumupatsa kuti akagwire.

Mzime anatuluka, koma sanakalandire. Anagwada pa simenti.

"Sikanawonongeke, ababa. Ndine. Dzulo ndinachotsa kakhadi ndi kukaika mu yanga. Inafufuta."

Bambo anamuyang'ana ngati akulankhula chilankhulo china.

"Inafufuta chiyani?"

"Mawu."

"Angati?"

"Onse. Ndinapita kwa a Mawaya, ayesa, akanika. Ndimafuna kuti muwamve bwino, ababa. Ndimafuna..."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa kuti mvula ibwera. Anakulunga kafoniko m'kansalu, anapinda makona onse anayi monga mwa masiku onse, analowa n'kukakaika mu dilowa. Anatenga ndowa ya mabulashi n'kutuluka pageti. Tiyi anatsala pa sitepe.

Mlongo wake anali ataima pakhomo, tepi ili m'khosi. Anali atamva zonse.

"Anakuuza kuti ukasiye."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa! Iwe umadziwa zonse, a Digiri." Anamuloza ndi chala. "Wawaika m'manda kachiwiri, ukumva? Koyamba tinali ndi anthu otithandiza kulira. Lero tilira ndi ndani, tinene kuti tikulira chiyani?"

Analowa n'kukhala pa makina, koma phazi silinaponde. Patapita nthawi Mzime anamumva akudziyankhulira yekha: "Miyezi isanu, kope lili pomwepa. Miyezi isanu."

Bambo sanamukalipire tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Mzime akanakonda atamumenya. M'mawa uliwonse ankakhalabe pa sitepe nthawi yomwe ija, kapu pambali, manja ali pamaondo opanda kanthu, mutu utapendekeka pang'ono kumanja. Ikakwana nthawi ya zojambula zitatu ankadzuka n'kupita.

Foni yaikuluyo Mzime anaikwirira pansi pa zovala m'sutikesi. Koma sinkadziwa kuti pakhomo pali maliro. Inkangolira timabelu take tosangalala, kumuuza kuti kwabwera vidiyo yatsopano, kuti kunja kuli dzuwa, kuti lero wayenda mapazi ochepa. Akaitulutsa kuti aitontholetse ankakumana ndi kalilole wakuda uja. Chimene chinkamudya kwambiri sankachinena kwa aliyense: inalipo yake, ya tsiku la jekete. Ankaisunga ngati munthu wosunga malaya abwino kudikira tsiku lalikulu, ndipo anaiwotcha asanaivale.

Loweruka lotsatira bambo sanapite ku ntchito. Anakhala pakhonde akutsuka mabulashi m'chitini, Mzime akusesa tizidutswa ta nsalu m'chipinda chosokera. Kunabwera mayi a pagolosale, thukuta kamukamu, nsalu yamaluwa ili m'khwapa.

"Diresi ngati lija la chaka chatha, mwanawe. Lachisanu likhale litatha."

"Dikirani ndikuyeseni, mayi," anatero mlongo uja akuvula tepi m'khosi.

"Iii, ndasiya shopu yosatseka! Muyeso wanga ulipo, mayi ako anatenga kale. Ine sindisintha." Anaponya nsaluyo patebulo, ndipo asanayankhidwe anali atafika pageti.

Mlongo uja anaima ndi tepi m'manja. Anayang'ana nsalu, anayang'ana dilowa. Mzime sanayang'ane kulikonse. Tsache linali litaima.

Pakhonde panamveka mawu, okhakhala, otsika.

"Mayi a pagolosale. M'chifuwa 42. M'chiuno 38, iwo akuti 34, koma tepi sinadyeko kwa munthu. M'matako 46. Kutalika 44, asaoneke maondo, akuti amuna awo ndi a nsanje, kaya nsanje ya maondo ati."

Bambo sanatembenuke. Ankapitiriza kufinya bulashi m'chitini, maso ali pageti.

Mlongo uja anatola choko n'kulemba manambalawo pathabwa la tebulo. Kenaka anafunsa motsitsa, ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Nanga aphunzitsi aatali aja, ababa?"

"Aphunzitsi. Mapewa 18. Mkono 26, mikono ngati mitengo yotchera mapapaya, nsalu ithera pomwepa. Kolala 15 ndi theka."

"Anamwino a kuseri kuno?"

Bambo anaimitsa bulashi. "M'chifuwa 36. M'chiuno..." Anatsinzina diso limodzi. "Yathawa. Pamenepo kasipika kankasokosera."

Mzime anatsamiritsa tsache kukhoma. Analowa kuchipinda, anafukula foni ija m'sutikesi, anatuluka nayo ataigwira ndi manja awiri, n'kugwada pambali pa chitini.

"Ababa, ndingajambule?"

Bambo anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenaka mwana wawo.

"Lero wayamba kufunsa?"

"Mukakana ndikaibweza."

Madzi a m'chitini anali atasanduka oyera ngati mkaka. Bambo anatulutsa bulashi, anaikung'untha, anaigoneka pa simenti pafupi ndi zinzake.

"Mlongo wako abwere ndi kope. Chako chija chizimva, koma iye azilemba. Sindikhulupiriranso chinthu chimene sindingachigwire."

Mzime anatsegula pojambulira mawu. Panabwera funso. Chala chinali chitanyamuka kale, koma anachibweza. Anawerenga mokweza mzere uliwonse, anawamasulira bambo ake kuti foni ikupempha chilolezo chomva zolankhulidwa, anawerenganso kachiwiri, m'pamene anadina.

Anakhala pakhondepo mpaka mthunzi unasuntha. Bambo ankatchula munthu, manambala ake, ndi zimene amayi ananena pakati. Ena anawakumbuka onse. Ena theka. Ena dzina lokha ndi nthabwala, manambala atapita. Mlongo uja ankalemba, akusiya mipata. Pa makumi asanu ndi atatu aja anapulumutsa osakwana makumi asanu.

Pamapeto bambo anapukuta manja pa ovolosi.

"Yatsala imodzi. Iyi usalembe," anauza mwana wawo wamkazi. Sanamuyang'ane Mzime. Anakonza kukhosi.

"Mzime wanga, jekete la ku koleji. Mapewa 17. Ima bwino iwe, ukugwedera ngati nkhuku yonyowa. Mkono 24, koma ndipinda yambiri m'kati, mwanayu akukulabe. Thumba la foni kumanzere. Ulusi wakuda watha, ndiika wofiira, m'katimu adzaonamo ndani? Adzaona yekha mwini wake, akumbuke kuti kwawo kuli telala. Tsitsa mikono, bwana injiniya, sindikukumanga."

Anasiya. Kamzere ka pagalasi kanapitiriza kuyenda, kakujambula chete.

"Apa ankaseka," anatero bambo. "Kusekako sindingathe."

Anatola mabulashi awo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Mzime anadina poimitsa. Anakhala pomwepo, foni ili pamaondo, galasi linazima, ndipo ulendo uno sanaliyatse.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mlongo wake anatenga jekete lija pa msomali pamene linakhala masiku onsewa. Analitembenuza, anatola kalumo komasulira ulusi, analowetsa nsonga pansi pa mfundo yoyamba yofiira.

"Bweretsa thireyi yakoyo ndiyese. Lero ndili ndi mpata."

Mzime anagwira dzanja lake.

"Lisiyeni, achemwali."

"Nanga foni uziika pati?"

"Ndizinyamula m'manja."

Mlongo wake anasolola kalumoko pang'onopang'ono kuti asadule kanthu. Anasalaza thumbalo ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, n'kumupatsa jeketelo. Mzime analivala. Manja a jekete anali atayamba kumufupikira.